Munda wa Penti

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene abambo anagwa m'munda khasu lili m'manja. Inali nthawi yotentha, mvula isanagwe, iwo akupanga mizere. Amene anawapeza akuti poyamba anangowapatsa moni n'kupitirira, poganiza kuti akupumula. Pochokera kuchipatala, dzanja ndi mwendo wakumanzere zinali zitafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka ngati a munthu amene ali ndi madzi m'kamwa. Mutu wokha ndi umene unatsala wathunthu, ndipo kunena zoona, mutu umenewo ndi umene unatisautsa kwambiri.

Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi, uko ukachoka pa Malomo umayamba kukankha njinga m'malo moikwera. Munda wathu unali kuseri kwa phiri, wopendekeka, kuyambira pamiyala kumtunda mpaka kutsikira kukhwawa. Ngakhale wamiyendo iwiri ankafikako thukuta lili kamukamu. Abambo sakanafikako ayi. Dziko lawo linatsala pakhonde, pamphasa, atatsamira chipupa, n'kumayang'ana phiri limene linkawabisira munda wawo.

Chaka chimenecho nkhokwe inatha Khirisimasi isanakwane. Fodya sitinalime, feteleza tinalibe. Amayi ankagawa tsiku pawiri: m'mawa kumunda kwathu, masana kuganyu, kumene ankabwerako ndi kambale ka madeya. Ine ndinasiya sukulu kuti ndizisamala abambo ndi kamlongo kanga Yosefe, kamene kanali kakungoyamba kulankhula. Ntchito yanga yaikulu inali yodyetsa abambo phala la madeya lija, chifukwa dzanja lawo lamoyo linkanjenjemera n'kumataya.

Tsiku lina, nditawapatsa supuni yomaliza, anandigwira mkono.

"Esnati, phala ndikudyali ndi la chimanga chimene chili m'munda. Chikabereka, ndiye kuti sindinabere munthu. Koma chikakanika, musadzatayenso ufa pa ine. Mudzapatse Yosefe."

Ananena mosakweza mawu, ngati akunena zoti mbuzi imangidwe. Amayi anali kuseri kwa nyumba ndipo anamva. Abambo anali mkulu wa mpingo wodziwika ndi chinthu chimodzi: sankanena mawu kawiri, ndipo akanena sankabweza. Madzulo ake amayi ananditengera kuchitsime n'kundiuza kuti kuyambira tsiku limenelo, munda wathu unali bwino. Kaya kugwe chiyani, munda uli bwino.

Koma abale, munda wake uti? Chimanga chinamera bwino ndithu, kenako kunabwera ng'amba. Dzuwa linaswa mtengo, masamba anapindika, chimanga chinasanduka chachikasu n'kuima m'mawondo. Mvula itabwerera inapeza kaufiti atalowa kale. Amene simunalimepo, kaufiti ndi kaudzu kosatalika kuposa chikhatho, kokhala ndi timaluwa tofiira psuu. Kamamera pamizu ya chimanga n'kumayamwa chapansipansi, mwini munda osaona. Pamene kakutulutsa maluwa ndiye kuti ntchito yake kamaliza kale. Amene anakatcha dzina limenelo sanalakwitse.

Ndikaperekeza amayi kumunda m'mawa n'kubwerako, khoti linkayamba pakhonde.

"Chafika pati?"

"M'chiuno, abambo."

"Masamba ake?"

"Obiriwira bwino."

Akamva zimenezo ankatsegula pakamwa, ine n'kulowetsa supuni. Ndinaphunzira kunama monga mmene anzanga ankaphunzirira masamu, ndipo ndinkakhoza. Chimanga changa cha pakamwa chinakula mofulumira, chinafika pachifuwa, chinandipitirira, chinamasula. Ndinaiwala kuti ndikunamiza munthu amene analima munda umenewo ine ndisanabadwe.

M'mawa wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wati chakupitirira?"

"Eya."

"Munthu akalowa m'chimanga chomupitirira m'mawa, amatuluka atanyowa mpaka m'mapewa. Iwe mame akugwira m'miyendo mokha. Bwanji?"

Mutu unaima. Ndinati ndinangoyenda m'mphepete, koma anali atatseka kale pakamwa. Amayi atabwera, abambo analamula kuti apezeke amuna owanyamula akaone okha. Amayi anati awanyamule ndani, pamene amuna onse m'mudzi akuyenda modzandira ndi njala? Zimenezo zinali zoona. Abambo anati ndiye aitanidwe wojambula zithunzi wa pa Malomo. Amayi anati palibe choti amupatse. Zimenezonso zinali zoona, koma chenicheni chinali chakuti kamera sinama.

"Ndiye ndidya ndikauona," anatero abambo, n'kukankha mbale.

Sabata yomweyo kunabwera msuweni wanga Lemekezani, mwana wa azakhali, mlongo wawo wa abambo. Anabadwira ku Lilongwe ndipo anakulira komweko. Azakhali anamutuma kudzaona odwala, atanyamula kapepala ka shuga ndi sopo. Anali mnyamata wamtali, woseka msanga, zala zake zili penti yekhayekha. Ntchito yake inali yolemba mayina pamagolosale ndi kujambula mitu ya anthu pamalo ometera, koma chimene ankanyadira chinali kujambula midzi. Anatulutsa m'chikwama nsalu zingapo n'kutiyalira: nkhokwe zodzaza mpaka kudenga, ng'ombe zonenepa zikukoka ngolo, azimayi amasaya osalala atasenza mitsuko, minda yobiriwira mpaka kumalekezero. Anati alendo a m'mahotela amakonda zoterozo. Ine pakamwa ndinabadwa napo, ndipo pachisuweni palibe mlandu. Ndinamufunsa kuti mudzi umenewo uli kuti, kuti ifenso tisamukireko.

Iye anaseka. Amayi sanaseke. Ankayang'ana minda yobiriwira ija, ndipo ndinaona ganizo likuwalowa m'maso.

Anamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza zonse. Anamupempha kuti akajambule munda wathu, phiri lake, chulu chake, mtengo wake wa msuku, zonse monga zilili kuti abambo auzindikire, koma chimanga chokha achikonze. Lemekezani anakanda m'mutu. Anati amalume ake si mwana woti angawapusitse ndi penti. Amayi anagwada pamaso pa mnyamata amene akanatha kumubereka. "Mwanawe, ndasowa mtengo wogwira. Angodya mpaka tione kumene mvula itisiye." Anavomera. Kwa abambo anakanena kuti poti kamera palibe, iye akajambula ndi manja, ndipo abambo anati zili bwino, mwana wa mlongo wawo sangawanamize.

M'mawa mwake ndinamulondolera. Anachotsa thabwa lopyapyala kumbuyo kwa kabati yathu yothyoka n'kulinyamula pamutu. Titatulukira pamiyala paja anaima kakasi.

"Chimanga chake n'chimenechi?"

"Mumayembekeza chiyani, asuweni, nkhalango?"

Anatsamiritsa thabwa pamwala, n'kuyamba kusakaniza penti m'zivindikiro za zitini. Luso analinalo, ndisamunamizire. Phiri linatuluka pathabwa ngati lomwelo, mwala wong'ambika uja, chulu, msuku wopendamira kumadzulo, mzere wa mitengo ya m'khwawa. Kenako anandifunsa kuti chimanga chabwino chimatalika bwanji, ine n'kukweza dzanja pamwamba pa mutu. Anaviika bulashi mu penti wobiriwira.

Zimene ndinamva pamenepo sindinaziiwale. Ndinaona munda wathu ukudzuka. Mapesi onenepa, masamba otambalala, phesi lililonse litabereka ana awiri. M'kamwa mwanga munadzaza malovu, m'mimba munalira. Kenako ndinapsa mtima, mkwiyo weniweni woti ndikanatha kuponda thabwalo. Munda umene amayi anaukhetsera thukuta miyezi yonse ija osawamvera, munthu wa m'tauni anaubereketsa ndi kabulashi dzuwa lisanafike paliwombo. Ndinatembenuka kuti asaone kuti ndikulira. Ndinamuuza kuti ndikupita kukathandiza amayi kuganyu, amalize yekha, koma asakaonetse abambo ife tisanafike.

Kodi wojambula angasunge chinthu chimene wachikonda? Pamene tinkafika dzuwa litapendeka, thabwa linali litaimikidwa kale pakhonde, moyang'anizana ndi abambo. Ndipo abambo ankamwetulira ndi theka la pakamwa limene linkagwira ntchito.

"Amake Esnati, taonani! Chulu changa ichi. Msuku wanga uwu. Mwana ameneyu ali ndi manja."

Ndinamva amayi akutulutsa mpweya umene anausunga masiku onse aja. Anandikodola kuti ndikatereke phala. Ndisanasunthe, abambo anati thabwa lisendezedwe pafupi. Chala chawo chonjenjemera chinayenda pamasamba obiriwira aja, n'kutsika ndi phesi mpaka pansi. Pamenepo ndi pamene inenso ndinaona. M'munsi mwa mapesi, m'mizere yonse, munali timadontho tofiira.

"Nanga iti? Penti anatayika?"

"Ayi amalume, ndi timaluwa," anayankha Lemekezani monyadira. "Tadzaza munda wonse, psuu! Tokongola zedi. Ndinati ndikatisiya ndiulakwira munda."

Khasu limene linali paphewa la amayi linagwa pansi.

Sanalakwe mwadala, mwana wa m'tauni. Amayi anamuuza kuti akonze chimanga, ndipo anakonza. Za maluwa palibe anamuuza. M'munda wonse wofota uja, chinthu chokhacho chimene chinamukongolera m'maso chinali chimene chinkatipha.

"Munda wonse?" anafunsa abambo.

"Wonse, amalume. Makamaka kumtundaku."

Abambo anachotsa chala pathabwa. Kenako anati, "Chimanga chotere sichikhala pamodzi ndi kaufiti. Chimodzi mwa ziwirizi n'chabodza, ndipo mwanayu kaufiti samudziwa kuti angamupeke." Anayang'ana amayi, osakalipa, osatukwana. Bola akanatukwana. Anangoti, "Nditembenuzireni kuchipupa." Sakanatha kutembenuka okha, choncho amayi omwewo anachita kugwada n'kuwatembenuza ndi manja awo.

Masiku amene anatsatira sindifuna ngakhale mdani wanga adzawaone. Abambo ankalandira madzi okha. Amayi anachonderera, analira, anakalipa, anawakumbutsa malonjezo a m'tchalitchi. Akulu a mpingo anabwera, anaimba, anapemphera, anawauza kuti moyo mwini wake ndi Mulungu. Abambo ankavomera ameni momveka bwino, n'kutsekanso pakamwa. Milomo inang'ambika, maso analowa m'kati. Lemekezani ankangokhala kuseri kwa nyumba atagwira tsaya, ndipo tsiku lina ndinamupeza atatenga nkhwangwa kuti awaze thabwa lija, amayi n'kumuletsa poti kabati idzafuna msana wake.

Chimene chinkandidula mtima chinali Yosefe. Ndikaika mbale pafupi ndi abambo, iye ankabwera n'kukhala patsogolo pake, maso ali pambalepo, kamimba kali tantha. Abambo ankamukodola ndi chala kuti adye. Ine ndinkamuthamangitsa, nthawi zina ndi kamtengo, chifukwa amayi anati akangodya kamodzi phala la abambo ndiye kuti tavomereza. Taganizani, kumenya mwana wanjala kuti asadye chakudya chimene mwini wake akuchikana. Phala linkazizira pakati pa anthu atatu anjala.

M'mawa wina amayi atapita kumunda, ndinayesanso. Supuni inagunda mano otsekedwa, phala linatayikira pachifuwa chawo. China chake chinaduka mwa ine. Ndinaika mbale pansi mwaukali, ndipo ndinalankhula ndi abambo anga monga mwana wa kwathu salankhulira.

"Chabwino, musadye! Koma mumve kaye, poti mumafuna zoona. Kumtunda chimanga chinapsa, chili m'mawondo, chamasula chopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Pakati ponse ndi kaufiti. Amayi akupalira chinthu chakufa. Akudziwa kuti n'chakufa, koma akupalirabe chifukwa sakudziwa china choti achite. M'manja mwawo muli zilonda zokhazokha. Inu mwapeza njira yanu, mukupita. Nanga ife? Mukatisiyira kambale kamodzi ka phala, ndiye kuti mwatithandiza?"

Ndinadikira mbama, kenako ndinakumbukira kuti mphamvu zondimenyera analibe. Ndinalira mokweza. Yosefe ataona ine ndikulira anayambanso.

Pakati pa phokosolo ndinamva mawu a abambo, otsika kwambiri.

"Kumunsi, kukhwawa?"

"Nakonso n'chachikasu."

"Sindikufunsa chimanga. Nthaka. Ukaponda, phazi likulowa?"

Ndinapukuta mamina n'kuganiza. "Likulowa."

"Nditembenuze. Katenge thabwa lija."

Ndinaitana Lemekezani, tinawatembenuza, tinaimika thabwa. Chala chija chinayambanso kuyenda, koma ulendo uno sichinkasisita masamba. Chinadula mzere kuchokera pachulu mpaka pamsuku. Anati kuchokera pamenepo kutsika, chimanga chonse chizulidwe, mizere ikwezedwe, mubzalidwe mbatata mvula isanathe. Mbewu yake tikapemphe kwa anaChisale, amayi ena okalamba amene anali ndi dimba kumunsi kwa mudzi. Kaufiti azulidwe asanagwetse njere, aunjikidwe pamwala, awotchedwe, asatayidwe m'mphepete chifukwa adzabwerera. Anayamba kunena za kumtunda kuja, koma mawu anathera panjira. Milomo inkayenda, mpweya panalibe. Anayesanso, osatheka.

Anayang'ana mbale ija mokwiya, ngati ndi munthu amene wawalakwira.

"Bweretsa kuno," ananong'ona. "Sindinamalize kulankhula."

Phala linali litazizira, pamwamba litauma, ntchentche zitateraponso. Anadya.

Amayi pobwera anatipeza titazungulira thabwa, mbale ili mbee. Anakhala pansi pomwe anaimapo. Abambo anati, "Amake Esnati, munandiika m'manda ndikupuma. Mukanandiuza mwezi watha, mbatatayi bwenzi pano itayanga."

Amayi sanali munthu wongomeza mawu. "Ndipo inu munatiopseza ndi imfa yanu. Mumati titani? Munthu ukati ndifa mukandiuza zoona, usamadabwe anthu akakunamiza."

Palibe anapepesa mnzake. Abambo anangoti mawa alawire kwa anaChisale.

Musaganize kuti njala inathera pamenepo. Tsiku lozula chimanga amayi ankazula akulira, ndipo odutsa m'njira ankati mavuto awasokoneza mutu. Lemekezani anakhala nafe mpaka tinamaliza kubzala, manja ake a penti aja anatuluka matuza n'kuphulika. Tinadya masamba a maungu opanda ndiwo zina, tinadya kholowa mbatata itangoyamba kuyanga, tinagona ndi njala masiku osawerengeka. Tsitsi la Yosefe linafiira. Kumene sitinazule kuja tinakololako chimanga chosadzaza ngolo, chosadzaza ngakhale madengu amene tinapita nawo. Mbatata ndi imene inatitulutsa, nyengo yozizira itafika, ndipo tinaidya mpaka kuida. Abambo ankadya theka la zimene ndawapatsa n'kunena kuti akhuta, ine n'kumakangana nawo supuni iliyonse, koma pakamwa sanatsekenso.

Kumunda sanapiteko mpaka imfa yawo, patapita zaka zingapo. Ankalima pathabwa pomwepo. Madzulo aliwonse amayi ankakhala pakhonde n'kuwauza zimene apeza, zabwino ndi zoipa zomwe, iwo n'kumaloza, n'kumatsutsa, n'kumalamula, nthawi zina n'kulakwitsa ndithu. Mmene chala chinkadutsa kawirikawiri penti wobiriwira uja anafufutika, thabwa n'kumaonekera.

Lero ndikalowa mu ofesi kapena m'malo odyera n'kupeza chithunzi cha mudzi ndi minda yake pakhoma, ndimayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Eni malo amaganiza kuti ndachikonda. Ine ndimakhala ndikuyang'ana m'munsi mwa mapesi. Sindidana nazo zithunzizo, koma ndimadziwa kuti munda wotero umajambulidwa kuti wina asaone kanthu kena.

Zimene ndinaphunzira pakhonde lija zinanditengera zaka kuti ndizimvetse. Ife tinkaganiza kuti abambo akufa ndi mantha a njala, ndiye tinawabisira njalayo. Koma chinkawapha chinali chakuti anatsala pakamwa pokha podyetsedwa, popanda wowafunsa kuti titani. Tinawachotsera nkhawa poganiza kuti ndi chifundo, osadziwa kuti nkhawa ya munda inali ntchito yokhayo imene akanathabe kugwira.

Amayi tsopano ndi okalamba, maso anachita khungu, ndipo ndimakhala nawo kuno ku Dowa. Munda uja akulima ndi Yosefe. Mwezi wathawu anandiimbira foni kuti mbozi zalowa m'chimanga, zadya mpaka kumtima, ndipo anamaliza ndi mawu akuti, "Koma amayi musawauze, achemwali, magazi angawakwere." Nditalowa m'chipinda ndinawapeza atakhala pabedi, khutu atatchera kukhomo.

"Anali Yosefe? Kumunda kuli bwanji?"

Bodza linafika pamilomo lokha, losalala ngati kale lija. Ndinalimeza.

"Kwaipa, amayi. Mbozi zatha chimanga."

Anawomba m'manja, anadandaula, anamunena Yosefe kuti ndi waulesi ngati amalume ake. Ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda, ndipo ndinachita mantha kuti mwina ndawapha. Kenako anafufuza ndodo yawo ndi dzanja, n'kuigunditsa pansi.

"Muimbirenso. Undipatse ndilankhule naye ndekha."